Silabu Yanu Idya Matumba Angati? Kawerengeredwe ka Konkire Musanagule Zipangizo

Funso loti silabu idya matumba angati a simenti nthawi zambiri limayankhidwa ndi maso. Mmisiri amaima pakona ya fondeshoni, n'kuponya maso uku ndi uku, kenako n'kunena kuti, "Bwana, apa 50 akwana." Nthawi zina amalasa ndithu, poti ntchito anaizolowera. Koma akaphonya, wolira ndi mwini nyumba. Simenti imatha dzuwa litapendeka chipinda chimodzi chisanathiridwe, aganyu akudikira zawo, sitolo atatseka kale. Apo ayi matumba 15 amatsala, n'kuumira m'nyumba chinyezi cha dzinja chikafika.

Masamu ake ndi a kupulayimale, ndipo aliyense wokhala ndi tepi ndi foni angawathe. Ngakhale amene akumanga kumudzi iwo ali ku Johannesburg kapena ku London, ongolandira mndandanda wa zipangizo pa WhatsApp, angathe kuona okha ngati nambala zikugwirizana, bola wina awayezere malowo moona. Chimene chimasokoneza anthu si kuchulukitsa, koma nambala imodzi imene ambiri sayeza n'komwe, ya kuchindikala kwa silabu. Pamenepo tichedwapo.

Zimene zili m'munsimu ndi za silabu ya pansi: ya nyumba, ya khonde, ya galaja, ya shopu, kapena yokhazikapo thanki. Za silabu ya m'mwamba ndinenapo padera.

Konzani tepi yaitali, chingwe cha amisiri, leveli kapena paipi yoonekera mkati yothira madzi, kabuku ndi cholembera.

1. Yezani pamalopo, osati papulani pokha

Pulani imanena zimene zimayenera kumangidwa, koma fondeshoni imanena zimene zamangidwa. Kusiyana kwa masentimita 20 kapena 30 n'kofala, makamaka ngati mwini nyumba anauza amisiri kuti akuzeko chipinda chochezera ntchito ili mkati. Choncho tengani tepi mupite nayo pamalo.

Musanayeze, gwirizanani ndi mmisiri chinthu chimodzi: konkire adzaphimba ndi makoma a fondeshoni omwe mpaka kunja, kapena adzathiridwa m'kati mwa zipinda mokha? Ngati adzaphimba zonse, yezani kuchokera kunja kwa khoma kufika kunja kwa khoma linalo. Ngati ndi m'kati mokha, yezani chipinda chilichonse pachokha. Njira ziwirizi zimasiyana ndi masikweya mita angapo, ndipo amenewo ndi matumba.

Nambala zonse zilembeni m'mamita. Amisiri ambiri akale amalankhulabe za mafiti ndi mainchesi, ndipo tepi imakhala ndi mbali ziwiri, ndiye n'kosavuta kuwerenga mulitali mbali ina, mulifupi mbali inanso. Fiti imodzi ndi mamita 0.305. Mainchesi 4 ndi pafupifupi masentimita 10, kapena kuti mamita 0.10. Mainchesi 6 ndi masentimita 15, mamita 0.15.

Nyumba yopindapinda muidule m'zigawo za makona anayi, muwerenge chilichonse pachokha, kenako muphatikize. Titenge chitsanzo chimene tiyende nacho mpaka kumapeto: nyumba ya mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi, yokhala ndi khonde la mamita 4 mulitali ndi 1.5 mulifupi, konkire wophimba zonse.

Nyumba: 10 × 8 = masikweya mita 80
Khonde: 4 × 1.5 = masikweya mita 6
Zonse pamodzi: masikweya mita 86

2. Kuchindikala, pamene pamathera ndalama

Silabu ya nyumba yogona nthawi zambiri imakhala ya masentimita 10. Pamene padzayenda kapena kuima galimoto, monga m'galaja, kapena pokhazika katundu wolemera, anthu amafika pa masentimita 12.5 kapena 15. Ena amatsika mpaka 7.5 kuti apulumutse simenti. Pakanjira ka panja kapena khitchini yaing'ono zimatheka, koma m'nyumba yaikulu ine sindingalimbikitse. Ngati pulani yanu inadutsa kukhonsolo ndipo inalemba kuchindikala, tsatirani zimenezo.

Koma kunena kuti masentimita 10 ndi chinthu china, kupeza masentimita 10 pansipo ndi chinanso. Konkire amadzaza dzenje lililonse limene wapeza. Dothi lothiridwa m'fondeshoni likakhala lokwera pakona iyi, lotsika pakati, lokumbika pafupi ndi khomo pamene mawilibala amadutsa, malo onse otsikawo adzadzazidwa ndi konkire wa ndalama zanu.

Onani nambala izi. Pa masikweya mita 86, sentimita imodzi yokha yowonjezera ndi makiyubiki mita 0.86 a konkire, amene ndi matumba opitirira 5 a simenti, osawerengera mchenga ndi miyala. Masentimita awiri, amene diso silingawaone pamalo aakulu chonchi, ndi matumba 11. Mmisiri akamati simenti yaperewera, nthawi zambiri palibe amene waba. Yalowa pansi.

Njira yodziwira ndi iyi. Amisiri akamaliza kuthira dothi, kutsendera ndi kuyala miyala ikuluikulu kapena zidutswa za njerwa, khomani matabwa a m'mbali kapena ikani zizindikiro pamene silabu idzalekezere pamwamba, ndipo muonetsetse ndi leveli kuti zonse zili pamlingo umodzi. Kenako kokani chingwe mwamphamvu kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, chisagwere pakati. Yezani kuchokera pachingwe kufika pansi, pa mamita awiri aliwonse. Sunthani chingwe, bwerezaninso. Panyumba ya chitsanzo chathu, miyezo 15 kapena 20 ndi yokwanira. Phatikizani yonse n'kugawa ndi kuchuluka kwake kuti mupeze kuchindikala kwenikweni.

Mukapeza kuti pakati pa zonse mukutuluka masentimita 12 pamene mumafuna 10, muli ndi njira ziwiri: kugula konkire wa masentimita 12, kapena kubwezera malo otsikawo ndi mchenga kapena dasiti wa kwale n'kutsenderanso bwino. Yachiwiriyi ndi yotsika mtengo kwambiri. Tsiku limodzi la aganyu awiri ndi mawilibala angapo a mchenga sizingafanane ndi mtengo wa matumba 11. Mchenga woyala pamwamba pa miyalawo uli ndi ntchito inanso: umatseka mipata kuti konkire asatsikire m'menemo, komanso umateteza pepala la pulasitiki kuti lisabooke.

Malo okwera kwambiri nawonso muwasale. Silabu ikakhala ya masentimita 6 pamalo ena, mng'alu udzayambira pamenepo.

Kutsendera musakuchite mwachidule. Dothi lothira lonse nthawi imodzi, n'kungopondaponda pamwamba, limadzatitimira mvula ikagwa kawiri, ndipo silabu imatsala lende. Thirani pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi ndi kusinja, kenako kuthiranso. Ndi nthawi yomweyi yothira mankhwala a chiswe ndi kuyala mapaipi a madzi oipa, chifukwa konkire akauma kuswa n'kulira.

3. Pezani makiyubiki mita

Chulukitsani kukula kwa malo ndi kuchindikala, zonse m'mamita.

86 × 0.10 = makiyubiki mita 8.6

Kiyubiki mita imodzi ndi bokosi la mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, mita imodzi kuya. Mumalowa malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20. Konkire wodzaza bokosi limenelo amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Cholakwika chofala apa ndi kulemba 10 m'malo mwa 0.10, kapena 0.01. Yankho likatuluka 860 kapena 0.86 panyumba ya zipinda zitatu, dziwani kuti kadontho kasochera.

4. Zimene zimaiwalika

Silabu zina zimakhala zochindikala m'mphepete, makamaka zimene zilibe khoma la fondeshoni pansi, monga za shedi kapena kontena. Mbali imeneyi iwerengedwe payokha: kuzungulira konse, kuchulukitsa ndi mulifupi mwa ngalandeyo, kuchulukitsanso ndi kuya kowonjezera kupitirira silabu. Nyumba ya 10 ndi 8 kuzungulira kwake ndi mamita 36. Ngalande ya mamita 0.30 mulifupi ndi 0.20 kuya kowonjezera ikupereka 36 × 0.30 × 0.20, amene ndi makiyubiki mita 2.16. Amenewo ndi matumba pafupifupi 14 amene munthu wongowerenga pamwamba sawaona. M'chitsanzo chathu tinena kuti makoma a fondeshoni alipo, ndiye sitiwonjezera.

Masitepe, kamtunda kolowera galimoto, ndi konkire wozungulira nyumba woteteza fondeshoni ku madzi a padenga, zonsezi muzilembe pazokha ngati zidzathiridwa tsiku lomwelo.

Silabu yozungulira, monga ya thanki, ili ndi masamu ake. Yezani kudutsa pakati, tengani theka lake, lichulukitseni ndi lokha, kenako ndi 3.14, kenako ndi kuchindikala. Ya mamita 2.4 kudutsa pakati, theka ndi 1.2. Ndiye 1.2 × 1.2 × 3.14 = 4.52, kuchulukitsa ndi 0.15, mupeza makiyubiki mita 0.68. Kumbukirani kuti thanki ya malita 5,000 ikadzaza, madzi okhawo ndi matani 5, choncho apa si pochepetsera kuchindikala.

5. Wonjezerani kena

Konkire wina amatsalira pansi posakanizira, wina amatayika m'njira ya wilibala, wina amakankha matabwa n'kufufuma m'mbali. Onjezerani 10 pa 100 iliyonse. Ngati mwayeza pansi mosamala monga tanenera, ndipo mukugwiritsa ntchito makina osakanizira, 5 pa 100 akhoza kukwana. Ngati simunayeze kuya n'komwe, ngakhale 15 sangakupulumutseni.

8.6 × 1.10 = 9.46, tingoti makiyubiki mita 9.5

Amene mukugula konkire wosakaniza kale wobwera pagalimoto, nambala yanu ndi imeneyi. Auzeni makiyubiki mita ndi mphamvu imene pulani ikufuna, mufunsenso ngati galimoto yawo ingafike pamalo panu, poti ndi yolemera ndipo misewu ya m'makwalala ambiri nthawi ya mvula siyilola. Ambirife timasakaniza pamalo, ndiye tipitirire.

6. Sankhani kasakanizidwe

Amisiri akamati 1:2:4 akutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale, poyeza ndi chotengera chimodzimodzi. Kasakanizidwe kameneka ndi kamene kamagwiritsidwa ntchito kwambiri pa silabu ya pansi yokhala ndi meshi, waya wachitsulo wolumikizidwa ngati ukonde wolimbitsira konkire. Ka 1:3:6 ndi kofookerapo, koyenera pansi pa fondeshoni ndi malo osasenza katundu. Ena amathira nako pansi pa nyumba zing'onozing'ono n'kudzapaka fulo pamwamba. Ka 1:1.5:3 ndi kolimba kwambiri, ka mapilala, mabimu ndi silabu za m'mwamba. Kwa ine, pansi pa nyumba imene mukufuna kudzaikamo matailosi, 1:2:4 ndiye poyambira.

Yang'ananinso nambala yolembedwa pathumba. Kaya simentiyo ndi ya Shayona ya ku Kasungu, kaya ndi ya Dangote yochokera ku Zambia, kaya ya kampani ina, chofunika ndi nambalayo. Ya 32.5 ndi ya 42.5 ndi zimene zimapanga konkire, ndipo ya 42.5 ndi yamphamvu kuposa inzakeyo. Ilipo ina yotsikirapo mtengo, yolembedwa 22.5 kapena 12.5, imene ntchito yake ndi kumangira njerwa ndi kupulasitala. Imeneyo isalowe mu silabu ngakhale wogulitsa atakunyengererani bwanji.

7. Matumba, mchenga ndi miyala

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Mukasakaniza ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala, simupeza ndowa 7 za konkire. Mupeza pafupifupi zinayi ndi theka. Mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga, ndipo madzi amakhazika zonsezo pamodzi. Chifukwa cha ichi, kuti mupeze kiyubiki mita imodzi ya konkire mumafunika zouma zokwana pafupifupi makiyubiki mita 1.54. Woiwala nambala imeneyi amagula zipangizo zoperewera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Pa 1:2:4 magawo onse ndi 7. Gawani 1.54 ndi 7, mupeza 0.22. Ndiye simenti ndi makiyubiki mita 0.22, mchenga 0.44, miyala 0.88. Thumba la makilogalamu 50 limatenga malo a malita pafupifupi 35, choncho malita 220 ndi matumba 6.3.

Kuti musamabwereze masamuwa, lembani izi m'kabuku. Pa kiyubiki mita imodzi ya konkire:

1:3:6: matumba 4.4, mchenga 0.46, miyala 0.92
1:2:4: matumba 6.3, mchenga 0.44, miyala 0.88
1:1.5:3: matumba 8, mchenga 0.42, miyala 0.84

Muona kuti mchenga ndi miyala sizisintha kwenikweni. Chimene chimakwera ndi kutsika ndi simenti.

Pa silabu yathu ya makiyubiki mita 9.5, pa 1:2:4:

Simenti: 9.5 × 6.3 = matumba 60
Mchenga: 9.5 × 0.44 = makiyubiki mita 4.2
Miyala: 9.5 × 0.88 = makiyubiki mita 8.4

Pa 1:3:6 silabu yomweyi ingadye matumba 42. Ndiye amisiri awiri akakupatsani nambala zosiyana, wina 60 wina 40, musafulumire kuganiza kuti wa 60 akufuna kukuberani, kapena kuti wa 40 ndiye wachilungamo. Afunseni aliyense kuti, "Amisiri, muthira masentimita angati, ndipo thumba limodzi mulipatsa mawilibala angati?" Yankho lake likuuzani mtundu wa silabu imene aliyense akuganiza.

8. Kuchoka pa makiyubiki kupita pa mawilibala ndi malole

Wogulitsa mchenga kudambo sadziwa za makiyubiki. Amadziwa wilibala, ngolo ndi tiripi ya lole. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu nawonso amagulitsa pa wilibala kapena pa mulu.

Wilibala ya amisiri yodzaza mosalaza, yopanda nsonga, imatenga malita pafupifupi 65. Kiyubiki mita imodzi ndi mawilibala 15 ndi kachidutswa. Mchenga wathu wa 4.2 ndi mawilibala 65, miyala ya 8.4 ndi mawilibala pafupifupi 130. Koma mawilibala amasiyana, ena ndi owotcherera kwa amisiri a m'misika, ena anaphwanyika milomo. Yezani yanu ndi ndowa ya malita 20: ndowa zitatu ndi kotala ndiye malita 65.

Matumba awiri a simenti amadzaza wilibala imodzi. Choncho 1:2:4 pamalo antchito imatanthauza thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a miyala. Pa 1:3:6 ndi thumba limodzi, wilibala ndi theka ya mchenga, mawilibala atatu a miyala. Mukamva wina akunena kuti thumba limodzi alipatsa mawilibala atatu a mchenga ndi atatu a miyala, ameneyo akupanga konkire wofumbutuka ndi tsache. Kuyeza ndi fosholo nakonso n'kosadalirika: fosholo ya mchenga wonyowa imasenza zambiri kuposa ya miyala, ndipo fosholo ya m'mawa siyifanana ndi ya munthu wotopa masana.

Za malole, musadalire mawu oti "ya matani 7" kapena "ya matani 10". Kwerani ndi tepi muyeze bodi: mulitali, mulifupi, ndi msinkhu umene katundu wafika atasalazidwa. Bodi ya mamita 4 ndi 2, yodzaza kufika masentimita 50, yanyamula makiyubiki mita 4. Yezani lole isanakhuthule, chifukwa mulu uli pansi ngwovuta kutsutsirana. Pongoyerekeza, kiyubiki mita ya mchenga kapena miyala imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndiye miyala yathu ya 8.4 ndi matani 12 kapena 13. Lole yaing'ono iyenda maulendo angapo, ndipo mtengo wa mayendedwe muuwerengeretu.

Mchenga muugule wochulukirapo. Wonyowa umafufuma, nthawi zina mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye umaoneka wambiri m'lole kuposa mmene ulili. Wina umatsala posefa, wina umasakanikirana ndi dothi pansi pa mulu. Pa 4.2 ine ndingaitanitse 5. Wotsala sutayika, udzagwira ntchito pomanga.

Ukhale mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu, osati wosalala wopulasitalira. Kuti muone ngati uli ndi dothi lambiri, thirani mchenga m'botolo loonekera kufika theka, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, n'kulisiya maola angapo. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Mchenga ukakhala masentimita 12 m'botolomo, kamzereko kasapitirire sentimita imodzi. Miyala yabwino pa silabu ya masentimita 10 ndi ya mamilimita 20 kapena kuchepera pang'ono. Yoswa pamanja imagwira ntchito, koma imabwera yosiyana kukula. Ikuluikulu ichotsedwe, ndipo yafumbi itsukidwe.

9. Madzi, pulasitiki ndi meshi

Madzi ndi amene anthu amaiwala kuwerengera, kenako tsiku lothira n'kumathamangitsa ana kumjigo. Thumba lililonse limafuna malita pafupifupi 25, kuchepera ngati mchenga uli wonyowa. Matumba 60 ndi malita 1,500, kapena migolo 8 ya malita 200. Onjezerani ena otsukira zida ndi kunyowetsa pansi. Akhale madzi oyera, oti munthu angamwe, osati a m'chithaphwi kapena a sopo.

Aganyu amakonda kuchulukitsa madzi chifukwa konkire wamadzimadzi ngwopepuka kusakaniza ndipo amayenda yekha. Koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, ndipo mphamvu imatsika kwambiri. Konkire asakhale ngati phala la mwana. Azikhala woti mukamuunjika ndi fosholo aziima, n'kumafuna kutsenderedwa kuti akhazikike.

Pepala lakuda la pulasitiki loyala pansi limaletsa chinyezi kukwera m'nyumba, komanso limaletsa dothi kumwa madzi a konkire. Gulani loposa kukula kwa silabu, chifukwa polumikiza liyenera kusanjikizana masentimita 20 kapena 30 ndipo m'mbali liyenera kukwera pang'ono. Pa masikweya mita 86, gulani la 100.

Meshi nayo imasanjikizana polumikiza. Ngati mukugula yodula kale ya mamita 4.8 ndi 2.4, imodzi ndi masikweya mita 11.5, koma mukachotsa posanjikiza muiwerengere ngati 10. Silabu yathu ifuna 9. Ngati ndi yokulunga, funsani mulitali ndi mulifupi mwa mpukutu. Meshi isagone pa pulasitiki. Ikwezeni ndi timabuloko ta simenti kuti ikhale m'kati mwa konkire. Yogona pansi ndi ndalama zokwirira chabe. Malo amene meshi imatenga ndi ochepa kwambiri, musachotse kanthu pa makiyubiki anu.

Za silabu ya m'mwamba

Masamu a makiyubiki ndi omwewa, kungowonjezera mabimu ndi masitepe. Koma kuchindikala, kukula kwa zitsulo, katalikirana kake, mphamvu ya konkire ndi tsiku lochotsa mabulugamu ochirikiza, zimenezo ndi za injiniya, osati za mwini nyumba kapena mmisiri wongozolowera. Sikweya mita imodzi ya silabu ya masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 musanaikepo khoma, katundu kapena munthu. Pansi pake padzagona ana.

10. Kugula ndi kusunga simenti

Simenti igulidwe komaliza, masiku ochepa ntchito isanayambe, mchenga ndi miyala zitafika kale. Mitengo ikamakwera anthu amakonda kugula msanga n'kusunga, ndipo m'pomveka, koma simenti yokhala miyezi yopitirira itatu imayamba kutaya mphamvu, makamaka m'dzinja. Ngati mukusunga, isanjeni pa matabwa, kutali ndi khoma, matumba osapitirira 10 mulu umodzi, m'chipinda chosadontha. Thumba lokhala ndi mibulu yosaphwanyika ndi zala lisalowe mu silabu.

Polandira, werengani nokha ndipo muyang'ane msoko wa thumba lililonse. Alipo ogulitsa ena amene amapungula n'kusokanso. Mukakayika, ikani matumba awiri kapena atatu pa sikelo. Thumba la makilogalamu 45 limasokoneza masamu onse amene tapangawa.

11. Tsiku lothira, pitirizani kuwerenga

Makiyubiki mita 9.5 ndi matani pafupifupi 23 oti asakanizidwe, anyamulidwe ndi kutsenderedwa. Ndi mawilibala opitirira 146, ndipo poti konkire sadzazidwa mpaka pamlomo, maulendo ake ndi ochuluka kuposa pamenepo. Kusakaniza pamanja kumafuna gulu lalikulu ndi kulawirira mbandakucha. Kubwereka makina osakanizira kumathandiza kuti ntchito ithe tsiku limodzi ndiponso kuti konkire afanane. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala konkire amagwira msanga, ndiye osasakaniza wambiri kuposa amene angathiridwe m'mphindi 30 kapena 45.

Nayi nambala yoti muigwire pamtima. Pa 1:2:4, thumba limodzi limatulutsa konkire wokwana masikweya mita 1.6 pa kuchindikala kwa masentimita 10. Pa 1:3:6 ndi masikweya mita 2.3. Choncho matumba 10 oyamba akatha, imitsani kaye wilibala mphindi ziwiri muyeze pamene pathiridwa. Payenera kukhala pafupifupi masikweya mita 16, malo a mamita 4 ndi 4, kapena kucheperako pang'ono chifukwa cha wotayika.

Mukapeza 12, silabu ikuchindikala kupitirira muyezo kapena miyala ndi mchenga zikuchepa m'kasakanizidwe, ndipo matumba 60 aja sakwana. Tumani munthu kusitolo nthawi ikadalipo. Mukapeza 22, musasangalale. Mwina silabu ikupyapyala, mwina mawilibala a mchenga akudzazidwa ndi nsonga, ndipo konkire akutuluka wofooka. Lowetsani kachitsulo mu konkire wosauma muone kuya kwake, kenako mukaime posakanizira muwerenge mawilibala. Bwerezani kuyezaku mukafika theka la silabu. Matumba opanda kanthu asungidwe pamalo amodzi kuti madzulo muwawerenge.

Zikavuta ndithu kuti simumaliza, musasiye konkire atathera mwachisawawa motsetsereka. Ikani thabwa loongoka, makamaka pamzere pamene padzadutsa khoma, mulekezere pamenepo mochindikala mokwanira, meshi itatulukira mbali inayo kuti mawa mudzalumikize. Konzeranitu malo a konkire wotsala: kabokosi ka sitepe ya pakhomo, chivundikiro cha ngalande, kapena timabuloko topondapo popita kubafa.

Pomaliza, pa mndandanda wanu wa madzi onjezerani a masiku 7 otsatira. Konkire salimba chifukwa chouma. Amalimba chifukwa simenti ikupitiriza kugwirana ndi madzi, ndipo mphamvu imene amawerengera mainjiniya ndi ya tsiku la 28. Pamwamba pakangolimba moti chala sichikusiya chizindikiro, phimbani ndi pulasitiki, masaka onyowa kapena mchenga wonyowa, ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo kuti pasaume. Pa silabu ya masikweya mita 86 konzani mgolo umodzi kapena iwiri patsiku, kuchulukirapo ngati kuli dzuwa ndi mphepo, ndipo wothirirayo mumutchule dzina ndi kugwirizana naye malipiro ntchito isanayambe.